A Ikuphika ndi Kompyuta Yopanda Ulemu

Mumsewu wathu uno munali bambo amene akakujambulani vidiyo ya ukwati, munkailandira mwana woyamba atayamba kukwawa. Sindikukometsera ayi. Banja lina linatha vidiyo isanatuluke, ndipo itatuluka, mwamuna ndi mkazi anabwera padera, aliyense kudzanena kuti aipereke kwa mnzakeyo. Mukawafunsa kuti, "Bambo, nanga vidiyo yathu ija?" ankaloza kompyuta ndi chibwano n'kuyankha mawu amodzi okha: "Ikuphika." Dzina lawo lenileni linafera pamenepo. Ana, amayi ogulitsa zipatso pakona, ngakhale akazi awo akapsa mtima, onse ankangoti a Ikuphika.

Ine ndimadula makiyi ndi kukonza maloko pakhonde lomwelo. Tebulo langa lili pafupi ndi chitseko cha situdiyo yawo, moti aliyense wobwera kudzakalipa ankayamba wadutsa pa ine. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma mkangano sindinausiyepo pakati. Munthu akabwera nkhope ili gwa, mitsempha ya pakhosi itatuluka, ndinkamulandira ndine.

"Mukufuna vidiyo kapena mukufuna ndewu? Vidiyo ikuphika, koma ndewu yapsa kale, ndikupakulireni?"

Ambiri ankabwerera pomwepo. A Ikuphika ankasuzumira pachitseko n'kunena mwaulemu wawo uja, "Achimwene, makasitomala anga muwamaliza."

"Akumaliza makasitomala ndani, ine kapena chigayo chanucho?"

Chinalidi chigayo. Chibokosi chotuwa, cholemera ngati thumba la simenti, cholira ngati chili ndi chifuwa. Ankachiyatsa m'mawa n'kupita kukametetsa ndevu, pobwera n'kuchipeza chikadali kudziwongola. Chikatentha ankachivula chitsulo cha m'mbali n'kumachikupiza ndi katoni, uku akuchinyengerera ngati mwana wodwala. Akamaliza kudula ndi kulumikiza zithunzi za ukwati, ankadina batani loti kompyuta iphatikize zonse kukhala vidiyo imodzi, ndipo pasikirini pankaoneka kamzere kobiriwira koyenda ngati nanzikambe wokhuta. Kuphika kunali kumeneko. Kamzereko kakangoyamba ulendo, a Ikuphika ankatulutsa benchi panja, n'kuthira tiyi wa m'fulasiki, wometa woyandikana nafe n'kusiya lumo lake n'kubwera, ife n'kuyamba kuweruza dziko lonse.

Mavuto anadza ndi ukwati wa mwana wa a Landilodi. Ameneŵa ndi eni nyumba yonseyi, situdiyo, khonde, ndi sitolo ya misomali ndi penti ili kumapetoko. Munthu wamfupi, wa mimba yotsogola, wokonda kumva mawu ake omwe. Anakwatitsa mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, ukwati wa mahema oyera ndi galimoto zamaluwa, ndipo ntchito yojambula anaipereka kwa a Ikuphika. Miyezi inadutsa. Mkwatibwi anayamba kuvala madiresi otakasuka. Azibale a mkamwini, anthu a kutali, ankaimba foni kufunsa ngati ukwatiwo unachitikadi. Pamwamba pa zimenezo, wogulitsa mafoni wina anali atayamba kuzungulirazungulira situdiyo, kuyeza makoma ndi maso.

Tsiku lina masana a Landilodi anaima pa tebulo langa.

"A makiyi, mwezi uno ukatha vidiyo isanafike kwanga, mudzandisinthire loko pachitseko ichi."

Ndinaika tupa pansi. "Ine? Nditsekere mnzanga panja? Bwana, manja awa anatsegulira anthu ambiri, koma sanatsekerepo munthu amene ndimamwa naye tiyi."

"Ndiye mukumbukire kuti tebulo lanuli lilinso pakhonde langa."

"Ndilinyamula pamutu ndikaliike pakhomo pa sitolo yanu, makasitomala anu azindilumpha!"

Ndinakuwa mpaka nkhunda zinauluka padenga, koma iwo atangopotoloka, nzeru zinandibwerera. Khonde ili ndi limene limadyetsa ana anga. Ndinalowa m'situdiyo ndili lawilawi.

"Mwamva? Tonse tikupita! Chigayo chanuchi chatidya. Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo. Valani nsapato, tikagule kompyuta."

Tinapita kwa mayi wina wogulitsa makompyuta, munthu wosakonda kuzungulira. Anatiikira mabokosi awiri patebulo, akuda onse, ofanana ngati mapasa.

"Iyi ili ndi pulosesa wamba. Iyi ili ndi pulosesa yachangu. Pulosesa ndiye ubongo wa kompyuta. Yachanguyi ndi yodula kwambiri."

"Ndionetseni ubongowo," anatero a Ikuphika.

Mayi uja anatsegula kabati n'kutulutsa kanthu kakang'ono, kaphanthiphanthi. A Ikuphika anavala magalasi, n'kukayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Kabisiketi aka? Njinga yanga yamoto yonse ithere pa kabisiketi aka?"

"Mukanakhala kuti mumangolemba makalata ndi kusindikiza zithunzi, ndikanakuuzani kuti musataye ndalama, tengani wamba. Koma inu ndi a mavidiyo. Pamenepo yachangu imathandiza."

"Chabwino. Mkwatibwi amakongola kwambiri mu yodulayi?"

"Ayi bambo, nkhope ndi yomweyo."

"Nanga apongozi a nkhope yowawa, amatuluka akumwetulira?"

"Ayi. Imangofulumira basi."

"Ndiye ndigulitse njinga kuti ndizionera nkhope zomwezo msanga?"

Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Mayi uja anaseka mpaka kugwira m'nthiti, koma a Ikuphika anavula magalasi n'kunena kuti akaganize kaye. Abale anga, kuganiza kwa munthu ameneyu! Anafunsa msewu wonse. Anafunsa wometa, iye n'kuti, "Tengani yotchipa. Lumo lodula silimeretsa tsitsi padazi." Anafunsa wosoka nsapato, amene sanagwirepo kompyuta chibadwire, iye n'kuti zinthu zachangu sizikhalitsa, aone akazi a masiku ano. Akazi a wosokayo anamva, ndipo nkhaniyo inakathera kwina. Pomaliza anafunsa alamu, akazi awo, amene anali kuwabweretsera chakudya cha masana.

"Gulani yachanguyo, bambo. Mwina ingakupatsireniko."

Ine sindinkafunsa munthu. M'mawa uliwonse ndinkawalandira ndi mawu amodzi: "Yachangu!" Akamapita kuchimbudzi: "Yachangu!" Mapeto ake njinga yamoto inapita. Anaisisita chishalo wogulayo akuikwera, ngati akutsanzikana ndi mwana wopita kusukulu yogonera komweko.

Mayi wa makompyuta anabwera yekha kudzailumikiza. Itayaka, tinayang'anana, chifukwa sinkamveka n'komwe. A Ikuphika anaika khutu pabokosi.

"Yafa kale?"

"Ikugwira ntchito, bambo. Ndi mmene imakhalira."

Anati aiyese ndi kavidiyo ka phwando la ana kamene kanakhala m'situdiyo kuchokera ana aja asanagweruke mano. Anadina batani, n'kutulutsa benchi, n'kutsegula fulasiki. Wometa anabwera akupukuta manja. Shuga asanasungunuke m'kapu, m'kati munamveka kabelu: ting!

A Ikuphika anaima kakasi, supuni ili m'manja.

"Chimenecho n'chiyani?"

Ndinathamangira m'kati. "Yapsa! Bambo, yapsa!"

Analowa pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kamzere kobiriwira katafika kale kumapeto. Anapukusa mutu.

"Yopanda ulemu. Kompyuta yanji yosadikira munthu wamkulu amwe tiyi?"

Ine ndinali nditatuluka kale, ndikulengeza msewu wonse. Ndinakafika mpaka m'sitolo ya misomali. "Bwana, konzani mipando kunyumba! Mawa lomwe lino muonera ukwati wanu!" Ndinalankhula chifuwa chili patsogolo, ngati njinga yogulitsidwayo inali yanga.

Mawa linafika, vidiyo kulibe. Mkuja, kulibe. Sabata inatha. A Landilodi akamadutsa ankangondiyang'ana n'kugwedeza makiyi awo m'thumba. Ndinatseka tebulo langa dzuwa lili pamutu, n'kulowa m'situdiyo, n'kukhala kumbuyo kwa a Ikuphika kuti ndione ndi maso anga chimene chikuchedwa.

Kompyuta inali phee, yozizira, ikudikira. Amene ankaphika anali iwo. Ankayendetsa ukwati uja nkhope ndi nkhope. Afika pa mayi wina wokalamba amene anakhala kumapeto kwa hema, abwerera m'mbuyo, apita patsogolo, abwereranso.

"Mukufunafuna chiyani pamenepo?"

"Paliponse akutafuna. Mayi uyu anabwereka diresi, anayenda ulendo wautali. Adzukulu ake adzamuone akulimbana ndi fupa? Pali pena pamene anaseka, ndinamuona ndi maso anga."

"Mumudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye mduleni!"

Anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Achimwene, munthu amene anasamba, n'kusita zovala, n'kubwera ku ukwati wa eni, sadulidwa. Aliyense aoneke, ndipo aoneke ali bwino. Ine sindinadulepo munthu."

Ndinagwira mutu. Ukwati wa mahema atatu, aliyense aoneke ali bwino! Woyasamula adikiridwe atseke pakamwa. Wotokosa m'mano afufuzidwe mpaka apezeke akuomba m'manja. Ngakhale oyendetsa galimoto amene anakhala panja pansi pa mtengo anali ndi malo awo.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana anthu osalakwa, ndikunamizira chigayo chija?"

"Chinkachedwa ndithu, musachinyoze. Koma chinkandibisa." Analoza bokosi lakuda lija. "Iyi ndagula mboni yondineneza."

Kenako anati, "Komatu nkhope ndatsala pang'ono kumaliza. Chandigwira mwendo ndi ichi." Anadina, ndipo pasikirini panaoneka a Landilodi atagwira maikolofoni.

Ine ku ukwatiwo sindinaitanidwe, ndiye ndinali ndisanamve. Abale anga! Munthu anayambira pamene ankagulitsa misomali m'kachitini. Anafotokoza mtengo wa simenti chaka ndi chaka. Analangiza mkamwini za kusiyana kwa penti ya madzi ndi ya mafuta. Akati "pomaliza," anthu n'kudzuka pang'ono, iye n'kukumbukira nkhani ya denga. Kamera ikatembenukira kwa alendo, hema lonse linali manda. Abusa mutu uli pachifuwa. Mkamwini maso ali pafoni pansi pa tebulo. Mkwatibwi atavula nsapato. Amalume ena kukamwa kuli yasa, ntchentche ikuyendera malo.

"Ndikadula zolankhulazi, atithamangitsa," anatero a Ikuphika. "Ndikazisiya, aona anthu akugona, ana awo aona, azibale a mkamwini aona. Atithamangitsanso, ndipo adzakhala atavulidwa."

"Onetsani iwo okha basi, alendo muwasiye."

"Munthu kulankhula yekhayekha nthawi yonseyo, osaoneka womvera? Adzaoneka ngati wamisala pamsika."

Vidiyo inapitirira kuyenda. Pasikirini abusa aja mutu unatsika pang'onopang'ono, n'kudzukanso, n'kutsikanso. A Ikuphika anaimitsa. Anabwerera m'mbuyo. Anayang'ananso.

"Achimwene, abusaŵa akutani apa?"

"Akusinza."

"Yang'anani bwino. Ndikadula pano, kukamwa kusanatseguke?"

Anadula, n'kukalumikiza pamene a Landilodi ankati, "Munthu amadya thukuta lake!" Anadina. Kompyuta ija sinazengereze n'komwe. A Landilodi: "Munthu amadya thukuta lake!" Abusa, maso ali tsinzinu ngati munthu amene mawu amulowa mumtima, mutu n'kugwedera pansi: inde, zoona.

Ndinagwa pampando. Ndinaseka mpaka wometa anabwera ndi lumo m'manja, kasitomala wake akumutsatira mutu utametedwa mbali imodzi.

Kuyambira pamenepo a Ikuphika anasanduka mlenje wa anthu osinza. Aliyense amene mutu unagwa, anamutola. Wogwedeza kamodzi ankamuika pa nkhani ya misomali. Wogwedeza kawiri ankamusungira mawu akuluakulu. Kuomba m'manja anakutenga pa nthawi yodula keke. Misozi ya amake a mkwatibwi, imene inatuluka chifukwa cha utsi wa kukhitchini, anaiika pamene mwamuna wawo ankasimba za mavuto a paunyamata. Amalume a ntchentche aja anavuta, koma nawonso anapezeka pena akumeza malovu, ndipo anaoneka ngati agwidwa ndi chisoni.

Apa ndiye ndinaona chimene njinga ija inagula. Ankayesa, n'kuonera, n'kukana, n'kuyesanso, kambirimbiri tiyi asanazizire. Chikanakhala chigayo chija, kuyesa kamodzi kokha bwenzi tikumeta ndevu. Iwo omwe anavomera, koma monyinyirika.

"Ili ndi mwano, koma imamva."

Tsiku lomaliza la mwezi, madzulo dzuwa likupendeka, a Landilodi anafika ndi akazi awo. M'dzanja anali atanyamula loko wa m'sitolo mwawo, popeza ine ndinakana. Ndinaima pachitseko manja ali m'chiuno, ndikukonzekera nkhondo, koma a Ikuphika anandikankhira pambali.

"Takulandirani, bwana. Khalani apa. Mayi, mpando uwu ndi wofewa. Yapsa."

Inayamba. Mayi aja ankangoti, "Ii, azakhali aja! Taonani a neba, akongola bwanji! Kodi uyunso anabwera?" A Landilodi anali ndwii, loko ali pabondo. Kenako inafika nthawi yawo. Ine ndinayang'ana pansi. Wometa, amene anali pawindo, analuma kolala ya malaya ake.

"Ndinayamba ndi misomali m'kachitini!" Hema lonse mitu gwedegwede. "Sindinabe, sindinapemphe!" Abusa: inde, zoona. "Simenti inakwera, ine sindinagwe!" M'manja pwapwapwa, mpaka ana kulumpha.

A Landilodi anawongoka pampando. Anakonza kolala. Milomo inayamba kutsatira mawu awo omwe.

"Mayi, mukuona? Si paja munkati ndinatalikitsa?"

Mayi aja anayang'ana a Ikuphika. A Ikuphika anayang'ana kudenga, ngati aona pamene pakudontha.

Itatha, a Landilodi anadzuka pampando. Kenako anaika loko m'thumba la jekete, n'kunena kuti akufuna makope okwanira abale onse a mbali ziwiri, ndi lina lapadera loika m'sitolo. Potuluka anaima pa tebulo langa n'kuti, "A makiyi, mwendo wa tebulo lanuli ukugwedera. Mubwere mudzatenge misomali." Wogulitsa mafoni uja sitinamuonenso.

Mkangano woti kaya pulosesa yachangu inali yoyenera njinga yamoto sunathe mumsewu muno. Wometa ankati munthu wamkulu akuyenda wapansi kupita ku maukwati, kamera pamsana, chifukwa cha kabisiketi. Ine ndinkati kabisiketi kameneko ndi kamene kanatisiya pakhonde, ndipo wotsutsa abwere tionane. Ndikunenabe lero. Ngati ntchito yanu ndi yoyesa n'kuyesanso, lipirani, musalire. Koma ngati wochedwa ndinu, musavutitse njinga yanu, chifukwa palibe pulosesa ya munthu.

Eni akewo sankalowa nawo mkanganowo. Anapeza nzeru yawo. Anapempha alamu kansalu ka patebulo, ndipo kabelu kaja kakangolira, ankaphimba sikirini, n'kutulutsa benchi. Kasitomala akabwera, chibwano chinkaloza kansalu kaja.

"Ikuphika."

"Koma tamva kuti munagula yachangu."

"Yachangu imafuna kupuma kwambiri."

Mavidiyo anayamba kutuluka msanga pang'ono, tisaname. Ankafika mwana asanabadwe.

A Ikuphika anatisiya chaka chatha, nthawi ya mphepo yozizira. Anayamba ndi kachifuwa, n'kunena kuti apume kunyumba, ndipo tisanapangane n'komwe za kukawaona, alamu anatumiza uthenga. Ndi chinthu chokhacho chimene munthu uja anachita mofulumira pamoyo wake. Kumaliro kunadza anthu amene sitinkawadziwa, agogo, oyendetsa galimoto, ophika m'maukwati, aliyense akunena kuti kwawo kuli vidiyo imene iye akuoneka bwino kuposa pagalasi.

Situdiyo ikadali yotseka. Anthu abwera ambiri kudzaifuna, a Landilodi amangoti sanaganize. Mwezi wathawu ndinakangana nawo chifukwa cha paipi ya padenga imene imandithira madzi pa makina anga. Mawu anakwera, iwo n'kunena kuti anthu amawalemekeza mumzinda muno, akalankhula amamvedwa, umboni uli pa vidiyo. Mutu wanga unatentha, pakamwa n'kutseguka pasanapite nzeru.

"Amamvedwa ndani? Anthu aja ankagona! Abusa ankasinza! M'manja muja ankaombera keke!"

Wometa anazimitsa makina ake. Ndinadziwa kuti tebulo langa lapita.

A Landilodi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pa mpando wa makasitomala anga, mpando umene sanakhalepo chiyambire.

"Ndikudziwa, a makiyi. Ndinali pomwepo, maso ndili nawo. Ndinkawaona akugwa mmodzimmodzi, n'chifukwa chake ndinkalephera kumaliza. Ndinkafunafuna mawu oti awadzutse." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Miyezi yonse ija ndinkaopa tsiku limene ana anga adzaonere manyazi anga. Ndiye munthu agulitse njinga yake, akhale pansi, andiveke pamaso pa apongozi anga, ine ndikanati chiyani? Ndikanati wanama?"

Paipi ija anaikonza m'mawa mwake.

Masiku ano mumsewu muno zonse zimatha msanga. Munthu abwera, adulitsa kiyi, apita. Palibe woima pakhonde mitsempha itatuluka, palibe woti ndimutchingire chitseko, palibe woti ndimumenyere nkhondo. Mawu amangondiunjikana pakhosi tsiku lonse. Dzulo ndinapezeka ndikukalipira wometa chifukwa cha tsitsi limene mphepo inaulutsira pa tebulo langa. Ndinamutchula mayina onse amene ndimadziwa, ndi ena ongopeka pomwepo. Iye anandisiya mpaka mpweya unandithera, akusesa pang'onopang'ono. Kenako anaimika tsache pakhoma.

"Inenso ndawasowa, achimwene," anatero.